Tinaika Nthochi M'manda a Mwamuna Wanga

1

Dzina langa ndine Shemsa. Ndimakazinga bajiya, zitumbuwa za nyemba, pamsika wa ku Metangula. Anthu anditafuna mokwanira, ndiye ndati ndinene ndekha nkhani yanga, aliyense amve kamodzi, kenako andisiye ndigwire ntchito.

Zonse zinayamba ndi filimu ya pa kanema, ya zigawozigawo. Ine sindiionera. Ndimangoimva, chifukwa baraka ya Júlio, kanyumba kamene amaionetseramo Loweruka lililonse masana, yagundana ndi pamene ndimakazingira. Imabwera pa kamemori kuchokera ku Malawi, anyamata a kumeneko atailowetsa kale mawu a Chinyanja ndi nthabwala zawo. Nkhani yake ndi ya mtsikana wina, Adélia, amene ali ndi chimakina chonga jeleira, imene ena amati firiji. Akalowamo n'kudzitsekera, amatulukira chaka china, mwina kale agogo ake akadali ana, mwina kutsogolo kumene anthu sadyanso nsomba koma mapiritsi. Zamkutu. Koma abambo a ndevu zawo amasiya maukonde padzuwa kukathithikana pabenchi kuti aone kumene jeleirayo ilowere.

Loweruka limenelo m'baraka munabuka chiphokoso ngati wina wagwidwa akuba. Adélia anali atabwerera ku tsiku limene bambo ake anafa pa ngozi ya sitima. Anawapeza pasiteshoni akumanga nsapato. Anaima, anawayang'ana, osanena kanthu, n'kubwerera m'jeleira mwake. Bamboyo anakwera sitima.

"Mfiti!" wina anakuwa. "Mwana wanji ameneyu?"

Anthu anatuluka atagawikana pawiri. Ena ankati akanawauza, ndipo pofika madzulo ankadzitcha a Kawauze. Ena ankati zimene Mulungu walemba sizifufutidwa, amenewo anali a Asiye. Anakangana pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, anakangana kudoko, mpaka amayi awiri ogulitsa usipa anasiya kubwerekana beseni.

"Titiya Shemsa, inu muli mbali iti?" Júlio anandifunsa.

"Mbali ya amene akugula bajiya. Utenga zingati?"

Mtsogoleri wa a Kawauze anali mwana wanga, Shifaa. Mwana mmodzi yekhayo, ndipo nikah, mwambo wa ukwati wake ndi Hilal, inali itatsala pang'ono. Hilal ndi wa banja la amalonda akale a kuno, lija loti asanakupatse moni amayamba afunsa kuti agogo ako anali ndani. Amayi ake, a Mwanaharusi, anavomera Shifaa mokoka mwendo. Ndinkadziwa kuti kakangopezeka kachifukwa, ukwatiwo utha. Ine chimene ndinkafuna n'chakuti tsikulo lifike, lidutse, basi.

2

Shifaa anafika kunyumba maso ali psuu.

"Amama, munthu ungawaone ababa ako ali moyo, n'kuwasiya akafe?"

"Ndi filimu. Tenga ndowa ukatunge madzi."

"Ine ndikanagwira mwendo wawo. Ndikanaluma ndi kuluma."

Apa ndikuuzeni zimene Metangula yense ankadziwa. Mwamuna wanga Fuad anali msodzi, komanso ankakonza injini za maboti. Shifaa asanayambe sukulu, tsiku lina la mwera, Fuad anapita panyanja osabwerera. Bwato lake analipeza litagadabuzika kufupi ndi ku Nkholongue. Anasaka, thupi silinaoneke. Ndiye akuluakulu anachita zimene kuno timachita nyanja ikakana kubweza munthu: anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'sanda, analiika m'manda. A Shehe a nthawi imeneyo anang'ung'udza kuti za nthochizo sizili m'buku, koma anapemphera ndithu. Ine ndinakhala eda, miyezi yobindikira ija, m'nyumba monga mkazi wamasiye aliyense. Amene anayendetsa zonse anali alamu anga a Mfaume, akulu ake a Fuad.

Shifaa anakula akusesa manda amenewo. Akakhoza mayeso ankakanena kumeneko. Hilal atamufunsira, oyamba kumva sindinali ine.

Lamulungu m'mawa anatenga foni yake ndi chithunzi cha bambo ake n'kupita kumanda. Anadzijambula vidiyo atagwada, chithunzicho atachiika pachifuwa. "Adélia ali ndi makina koma alibe mtima," anatero. "Ine ndili ndi mtima koma ndilibe makina. Ndikanawauza ababa anga kuti lero musapite, kuli mwera." Anaiponya pa gulu la okonda filimuyo pa Fesibuku, mmene muli anthu a mbali zonse za nyanja.

Anandionetsa monyadira, akuti anthu akulira naye mpaka ku Likoma.

"Chotsa," ndinatero.

"Chifukwa?"

"Nkhope ya malemu saiyendetsa m'mafoni ngati malonda a nsalu za kapulana. Chotsa."

Sanachotse. Ine mafuta anandiwotcha kawiri tsiku limenelo.

3

Lachiwiri ndinaona Júlio akubwera, foni ili m'manja, nkhope ngati wameza fupa.

"Titiya, mwaona zimene walemba mayi wina wa ku Chilumba?"

"Ndili ndi nthawi yowerenga za ku Chilumba ine?"

Anandiwerengera. Mayiyo, dzina lake Ireni, analemba kuti: "Pepa mwana iwe, koma abambo ali pachithunzipo ine ndikuwadziwa. Amakonza injini kudoko kwathu kuno, timawatchula kuti a Basil. Chala cha mkombaphala cha kumanja n'chodukira pakati. Ndipotu filimu yomweyi saiphonya, amakhala benchi ya kutsogolo. Ndi a gulu la Asiye."

Pachithunzi cha Shifaa manja sankaoneka. Koma aliyense wamkulu ku Metangula ankadziwa kuti chala chimenecho chinadyedwa ndi lamba wa injini.

Pofika masana Ireni anali ataponya chithunzi chatsopano. Mimba inali itatuluka, imvi zili mbuu m'ndevu, koma anali Fuad, sipanala ili m'manja, akuseka.

Mukanamva nzeru za anthu oonera kanema! Ena anati anamenyetsa mutu pamwala n'kuiwala dzina lake, poti zoterozo zinachitikira msilikali wina m'chigawo chakale cha filimuyo. Ena anati ndi ndondocha, wina anamutenga m'matsenga kuti azimugwirira ntchito. Mnyamata wina wa njinga yamoto analumbira kuti pansi pa nyanja pali khomo, ukamira kuno umavuukira chaka china. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zoti munthu akhoza kungokwera boti n'kupita.

Shifaa anathamangira pamsika n'kundikumbatira, chiwaya chikuwira pambali.

"Amama, ali moyo! Anaiwala, amama, n'chifukwa chake sanabwere. Akandiona akumbukira. Adzakhalapo pa nikah yanga!"

Ndinamuchotsa pafupi ndi moto. Ndi zokhazo zimene ndinatha kuchita.

4

Uthenga wa a Mwanaharusi sunachedwe. Anati a Shehe anena kuti ngati bambo wa mtsikana ali moyo, wopereka mwanayo pa nikah ndi iyeyo, osati a Mfaume monga tinakonzera. Anati tikumane kwawo Lachinayi, ndipo mpaka nkhaniyi imveke mutu wake, mpunga wa ukwati usagulidwe.

Lachitatu masana a Mfaume anabwera kwathu. Anakana mpando. Anaima pansi pa mtengo wa mango, akupotokola kofiya m'manja, maso ali kumsewu.

"Mlamu, mawa musalankhule zambiri."

"Ndinalankhulapo liti?"

"Zimene tinapangana zija zikhale momwemo. Inu simukudziwa kanthu, ine sindikudziwa kanthu. Tadabwa ngati wina aliyense."

"Nanga akaimba foni ku Chilumbako?"

"Fuad sangayankhe. Ndimamudziwa, ndi wamantha chibadwire."

"Alamu, ine changa n'chimodzi. Mwanayu akwatiwe."

"Akwatiwa. Ingondisiyirani pakamwa ineyo."

Ndinavomera. Zaka zonsezi ndinali nditawasiyira pakamwa, tsiku limodzi lowonjezera silikanandipha.

5

Pakhonde la a Mwanaharusi anayala mikeka yatsopano. A Shehe anakhala pampando, Hilal pambali pawo, mutu uli pansi. Ine ndi Shifaa tinakhala kumapeto. Kunja kwa mpanda kunali anthu ochuluka kuposa a m'baraka ya Júlio, ena atakwera pamulu wa njerwa.

A Mfaume analankhula bwino, ndisaname. Anati banja lonse lazizwa. Anati mwina m'bale wawo anadwala mutu. Anapukuta ndi m'maso momwe.

A Mwanaharusi anawasiya amalize, kenako anatembenukira kwa ine.

"Asewere, za kuiwala dzinazo tiwasiyire a kanema. Munthu woiwala dzina saiwala kumasula injini? Ameneyu anathawa. Funso langa n'lakuti, mwamuna amathawa chiyani mpaka kulolera kuti amuikire nthochi? M'nyumbamo munali chiyani? Ndikufunsa chifukwa mwana wanga akutenga mkazi woleredwa m'nyumba yomweyo."

Ndinasunga lonjezo langa. Ndinayang'ana a Mfaume kuti ayankhe.

Anatsokomola. "Poti mwafunsa, amayi, tinene zoona. Mlamu wangayu ndi wolimbikira ntchito, koma pakamwa pake m'powawa. M'bale wanga ankadandaula kawirikawiri. Mwina anatopa. Koma mwanayu ndi magazi athu, sanatengere kuchikazi."

Kunja kwa mpanda wina anati, "Ehee!"

A Mwanaharusi anagwedeza mutu. "Mwana wamkazi amaphunzira ukwati kwa amake. Hilal, wamva wekha."

Ndinaona Shifaa akusendera kumbali pang'ono, kuti kapulana yake isakhudzane ndi yanga. Kusendera kumeneko ndi kumene kunanditsegula pakamwa.

"Alamu," ndinatero, "nthochi ija anadula ndani?"

"Mlamu, khalani pansi."

"Ndakhala kale pansi. Ndikufunsa, anadula ndani? Si inu, kuseri kwa bafa yanga, ndi chikwanje changa?"

"Ndi mwambo umenewo, aliyense akudziwa."

"Eya. Tsopano auzeni zimene ndinakuonetsani musanadule."

Ndinanena ndekha. Ndinati tsiku limene bwato linapezeka, ndinatsegula sutukesi ya Fuad kuti ndipeze nsalu yoti ndigwire polira. Kanzu yake, mkanjo wa Lachisanu uja, munalibe. Nsapato zake zachikopa munalibe. Thumba la masipanala, limene linkakhala kuseri kwa chitseko, panalibe. Ndani amapita kokoka usipa pa mwera atatenga kanzu ndi nsapato zachikopa? Ndinaitana a Mfaume n'kuwaonetsa. Iwo anakhala pansi, pa dothi penipeni, n'kundiuza kuti kwawonso kwasowa munthu.

"Mukuwakumbukira a Hadia?" ndinafunsa khonde lonse. "Mkazi wamng'ono wa alamu angawa, wa ku Mbamba Bay uja? Munauzidwa kuti wapita kukadwazika amake. Patapita miyezi munauzidwa kuti wapatsidwa talaka, ukwati watha. Hadia sanadwazike munthu. Anakwera boti limodzi ndi mwamuna wanga, bwato lija atalikankhira dala pamafunde."

Ndinapitiriza.

"Alamu anandigwira mwendo, akulira. Anati, mlamu, tisankhe, maliro kapena kusekedwa. Anati mng'ono wanga wandilanda mkazi, ndikayenda bwanji kumzikiti? Ine ndinayang'ana mwana wanga akusewera pakhomo, ndinasankha maliro. Lero mwamuna yemweyo, amene ndamusungira ulemu mpaka imvi, akuti m'bale wake anathawa pakamwa panga. Pakamwa pamene panatsekedwa zaka zonsezi chifukwa cha iyeyo!"

"Bodza!" a Mfaume anakuwa. "Mkazi uyu wapenga!"

"Imbani ku Chilumba," ndinatero.

6

Hilal ndi amene anaimba. Anali atatenga kale nambala kwa Ireni uja, osauza amayi ake. Anatsegula sipika n'kuika foni pamkeka.

Inaitana nthawi yaitali. Kenako mawu aja, okalamba pang'ono koma omwewo.

"Halo? Ndani?"

A Shehe anapereka salamu, anadzitchula, n'kunena kuti akufuna Fuad wa ku Metangula, chifukwa mwana wake Shifaa akukwatiwa ndipo pakufunika mawu a bambo.

 Kenako chapatali mawu a mkazi, Chinyanja chake chopendekera ku Chiswahili: "Ndani amenewo, bwana? Ndi a injini ija?"

Anali mawu a Hadia. Kofiya ya a Mfaume inagwa m'manja. Palibe anafunsanso ngati ndapenga.

Shifaa anakwawira pafoni. "Ababa, ndine Shifaa."

Ndinatseka maso. Ngakhale ine, amene ndimamudziwa munthuyo, ndinapempha Mulungu kuti kamodzi kokha achite zaumunthu.

"Mwalakwitsa nambala," anatero. "Ine ndine Basil. Munthu mukumufunayo ndinamva kuti anafera panyanja. Ndilibe mwana ku Mozambiki."

"Bambo," a Shehe anatero, "ndikufunsani pamaso pa mboni. Mukukana kumupereka mwanayu?"

"Ndati ndilibe mwana kumeneko."

Foni inaduka.

A Shehe anasisita ndevu. Kenako anati bambo wokana udindo wake popanda chifukwa sangaimitse ukwati wa mwana, ndipo zikatero wopereka mtsikana amakhala iwowo a Shehe, ngati mwini wake avomera.

Shifaa anavomera ndi mutu. Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

Onse anayang'ana a Mwanaharusi. Iwo anandiyang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kuzala zanga zopsa ndi mafuta.

"Eda munakhaladi yonse? Mukudziwa kuti munthuyo ali moyo?"

"Yonse."

"Osauzako ngakhale amayi anu?"

"Anamwalira osadziwa."

"Hm." Anakonza mpango wawo. "M'banja mwathu muno nkhani ikanenedwa m'mawa, pofika swala ya masana yafika ku Cobue. Ngati mwanayu anatengerako kusunga pakamwa koteroko, abwere. Hilal, mawa ukagule mpunga."

7

Panjira yobwerera Shifaa ankayenda patsogolo. Titafika pakhomo anatembenuka.

"Munkandiona ndikusesa."

"Ndinkakuona."

"Munkandipatsa ndi tsache lomwe! Ndinkauza nthochi zotsatira za mayeso, inu mukudziwa!"

"Nthochiyo inakukanapo? Wamumva mwini wake lero. Ukanakonda kukula ndi mawu amenewo m'khutu?"

"Sizinali zanu kundisankhira."

"Zinali zanga. Unali ndi mano a mkaka, panalibe wina wokusankhira. Mwana wa malemu anthu amamupatsa nsomba kudoko. Mwana wa munthu amene anathawa ndi mkazi wa mkulu wake amamuloza chala mpaka kusukulu. Ndinasankha nsomba."

"Simukupepesa n'komwe."

"Ayi."

Nikah inachitika pa tsiku lake. A Mfaume anatumiza uthenga kuti akudwala malungo. Shifaa anakongola, anaseka ndi anzake, anavina, koma ine sanandiyang'ane m'maso ngakhale kamodzi. Pokwera shapa ya ku Lichinga, kumene Hilal amagwira ntchito, anatsanzika aliyense, ine anangondipatsa dzanja ngati mlendo.

8

Tsopano inu owerenga. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwandiweruza kale, poti ngakhale kuno a Kawauze ndi a Asiye anamusiya Adélia n'kuyamba kukangana za ine. Amabwera kudzagula bajiya imodzi kuti andione nkhope. Ena amati ndinamubera mwana bambo ake. Sindinabe munthu ine. Munthuyo ananyamula nsapato zake yekha.

Amene mukuti choonadi chiyenera kunenedwa nthawi zonse, ndikufunseni: munayamba mwachinenapo kwa mwana amene akukufunsani kuti ababa abwera liti, inu mulibe ndi sopo yemwe? Kulankhula n'kosavuta ukakhala pabenchi, zikuchitikira wina pa kanema. Ine ndinalibe chitseko chothawira chaka china. Ndinali ndi tsiku limenelo, ndi mwana wofuna phala.

Chimene ndingakuuzeni amayi anzanga ndi ichi: mukamasungira mwamuna chinsinsi, dziwani kuti tsiku lomuthina adzakugulitsani inuyo poyamba. Musadikire kuti akuyamikeni. Sungani ngati chikuteteza mwana wanu, ndipo chikayamba kumudya mwanayo, chitayeni pabwalo, ngakhale pakhale a Shehe.

Shifaa anakhala milungu osandiimbira. Ine sindinamuimbirenso, mayunitsi ndi odula ndipo kupepesa ndinakana kale. Dzana masana foni inalira ndili pamoto.

"Amama."

"Ndikumva."

"Bajiya zanga zikumwazika m'mafuta. Ndikulakwitsa pati?"

"Nyemba ukuzinyika mpaka liti?"

"Mpaka zifewe."

"Ukuzisinja zili ndi madzi. Uzikhetse kaye pa lichero, ziume, ndipo mafuta atenthe usanaponye. Usamaponye zambiri nthawi imodzi, ulibe kothamangira."

 Ndinkamumva akupuma.

"Chabwino," anatero, n'kudula osatsanzika.

Mawa aimbanso. Za mchere sindinamuuze dala.